Mwana watuluka mwanabere: wongoyang'anira ndi uti, wothamangira naye kuchipatala ndi uti?

Nthawi zambiri woyamba kumupeza ndi mayi posambitsa mwana. Dzanja likudutsa m'khosi ndi sopo, mwadzidzidzi lakhudza kanthu kobulungira pansi pa khungu, kuseri kwa khutu kapena pansi pa nsagwada. Ena amamupeza m'khwapa, ena m'mphechepeche mwana atayamba kutsimphina. Zikatero malangizo sasowa. Agogo ati muthowe ndi madzi otentha, anansi ati mukagule makapisozi pagolosale, wina ati zimenezi n'za anthu, mwana akatemeredwe mphini.

Zoona zake n'zakuti anabere ambiri mwa ana si matenda paokha, ndipo amaphwa popanda mankhwala. Koma kuno ku Blantyre mawu akuti "musadandaule, apita yekha" ayenera kukhala ndi malire, chifukwa tili pakati pa chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV ndi khansa ina ya ana yomwe imakula m'masiku owerengeka. Zitatu zonsezi zingayambe ndi chotupa chooneka chachabechabe. Kholo silifunika kudziwa dzina la nthenda. Lifunika kudziwa kufufuza komwe vuto lachokera, ndi kuwerenga masiku.

Anabere si chinthu chobwera ndi matenda ayi. Munthu aliyense ali nawo, pafupifupi 600, omwazikana m'thupi lonse, ambiri mwa iwo m'kati mwa chifuwa ndi m'mimba momwe dzanja silifika. Kupatula mitsempha ya magazi, thupi lili ndi timitsempha tina tating'ono tomwe timatunga madzi otsala m'minofu n'kuwabwezera m'magazi. Madziwa amanyamula chilichonse chomwe apeza panjira, kuphatikizapo tizilombo tolowera pabala. Anabere amakhala m'njira za madziwa ngati rodibuloko ya pa Zalewa: chilichonse chodutsa chiime, chisechedwe. M'kati mwawo mwadzaza asilikali a m'thupi, ndipo akagwira kachilombo amachulukana msangamsanga kuti alimbane nako. Kuchulukanako ndiko kutupa komwe timakhudza.

Ana amatuluka anabere kawirikawiri kuposa akuluakulu chifukwa thupi lawo likukumana ndi tizilombo tambiri kwa nthawi yoyamba. Mwana wa kumkaka amatha kudwala chimfine kangapo pachaka, ndipo chimfine chilichonse chimadzutsa anabere a m'khosi. Ndiye mukagwira khosi la mwana wathanzi wazaka 4 kapena 6 n'kupeza tinthu tiwiri titatu tating'ono, toterera pansi pa chala, tosapweteka, palibe chachilendo. Madokotala amaona kuti mwanabere wosapitirira sentimita imodzi m'khosi kapena m'khwapa, ndi sentimita imodzi ndi theka m'mphechepeche, ndi wabwinobwino. Khanda longobadwa kumene ndiye losiyana: ilo siliyenera kukhala ndi mwanabere wogwirika bwinobwino, choncho akapezeka, lionedwe kuchipatala.

Malo amene watulukira amaulula zambiri

Gulu lililonse la anabere limalondera dera lakelake la thupi, ndiye malo a chotupa amaloza komwe kuli gwero. Apa ndi pomwe makolo ambiri akanadzipulumutsa ku nkhawa akanangoyang'ana bwino.

Mwanabere wa kunkhongo ndi kuseri kwa makutu amalondera khungu la m'mutu. Pekulani tsitsi la mwana, mupeza chipere, nsabwe kapena tizilonda tokanda. Chipere cha m'mutu n'chofala kwambiri pakati pa ana a kupulayimale, makamaka ometera makina amodzi kubabashopu, ndipo sichimva mankhwala opaka okha chifukwa chimalowa mpaka kumizu ya tsitsi. Chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa milungu 6 mpaka 8. Chipere chikatha, mwanabere naye amatsatira.

Wa pansi pa nsagwada ndi pansi pa chibwano amalondera m'kamwa: dzino lobooka, nkhama zotupa, zilonda za palilime. Wa m'mbali mwa khosi amadzuka ndi chimfine, zilonda zakukhosi ndi khutu lotuluka mafinya. Wa m'khwapa muyang'ane dzanja ndi mkono, mwina pali bala, mphere pakati pa zala kapena pomwe mphaka anakanda. Wa m'mphechepeche muyang'ane mwendo wonse mpaka kuphazi, pakati pa zala ndi pansi pa zikhadabo pomwe pamabisala matekenya. Ana othamangitsa mpira wachikulunga opanda nsapato m'makwalala a ku Ndirande kapena ku Bangwe sasowa kachilonda kuphazi, ndipo mwanabere wawo wa m'mphechepeche nthawi zambiri nkhani yake imathera pomwepo.

Pali malo amodzi omwe sapatsidwa nthawi yodikira. Ndi kadzenje ka pamwamba pa fupa lopingasa lija limachoka pachifuwa kupita paphewa. Mwanabere wa pamenepa amatunga madzi ochokera m'kati mwa chifuwa ndi m'mimba, choncho akagwirika, ngakhale akhale wamng'ono chotani, mwana apite kuchipatala sabata yomweyo. Chimodzimodzinso anabere akatupa malo angapo otalikirana nthawi imodzi, monga m'khosi ndi m'khwapa monse muwiri. Pamenepo vuto silili pabala limodzi, lili m'thupi lonse.

Zomwe dokotala amafuna kumva

Mukafika naye mwana pachipatala chaching'ono cha Zingwangwa, Chilomoni, Limbe kapena kwina kulikonse, mafunso ndiwo amagwira ntchito yaikulu kuposa makina. Chotupachi chinayamba liti? Chikukula, chikuchepa kapena changoima? Mwana akutentha thupi, ndipo kwa masiku angati? Akudya? Akusewera ngati kale? Amatuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda? M'nyumbamo muli amene akutsokomola kwa nthawi yaitali, kapena amene akumwa mankhwala a TB? Wamwako mankhwala anji kale? Funso lomalizali ambiri amaliyankha mozemba poopa kukalipiridwa, koma kubisa kumangosokoneza dokotala. Ndi bwino kunyamula mapaketi a zonse zomwe mwana wamwa, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, chifukwa mzere wa sikelo m'bukumo umaonetsa ngati mwana wasiya kukula ngakhale maso a kholo asanazindikire.

Kenako dokotala amagwira. Amafuna kudziwa kukula kwake, ndipo wopitirira masentimita awiri amamuika m'gulu lofunika kulilondola. Amaona ngati akuterera kapena wamatirira ku mnofu, ngati ndi wofewa, wolimba ngati labala kapena wouma gwa, ngati ali yekha kapena agwirana angapo. Dokotala wosamala sathera pakhosi pokha. Amavula mwana, n'kuyang'ana m'kamwa, m'makutu, m'mutu, m'khwapa, m'mphechepeche, m'zikope ndi m'manja kuona ngati magazi achepa, ndiponso amagwira m'mimba kufufuza chiwindi ndi kapamba. Ngati zimenezi sizinachitike ndipo mwangolemberedwa mankhwala chapatali, si mwano kufunsa kuti, "Adokotala, mungamuoneko mwanayu thupi lonse?"

Chinthu chimodzi chimadabwitsa makolo ambiri. Mwanabere wopweteka, wotentha, wotuluka usiku umodzi nthawi zambiri ndi wosavuta kuchiza. Amene amadetsa nkhawa madokotala ndi wachete uja, wosapweteka, wongokula pang'onopang'ono mwana akusewera. Tsoka lake, wopwetekayo ndi amene timathamanga naye kuchipatala, wachete timamusiya miyezi.

Wopwetekayo amayamba tizilombo ta mabakiteriya tikagonjetsa mwanabere n'kukhazikika m'kati mwake. Tizilombo tiwiri todziwika ndi Staphylococcus aureus ndi Streptococcus, tochokera pakhungu ndi kukhosi. Zimachitika kwambiri kwa ana azaka 1 mpaka 4: mbali imodzi ya khosi yatupa, khungu lafiira kapena kunyezimira, mwana watentha thupi ndipo sakulola kumukhudza. Mankhwala ake ndi monga flucloxacillin, cefalexin kapena co-amoxiclav, kwa masiku 7 mpaka 10, mlingo wake kutengera sikelo ya mwana. Pakatha masiku awiri kapena atatu kutentha thupi ndi ululu ziyenera kuyamba kutsika. Zikapanda kutero, kapena chotupa chikafewa pakati, ndiye kuti mwasonkhana mafinya, ndipo mankhwala akumwa sangawafike. Amafunika kupopedwa ndi jakisoni kapena kutumbulidwa kuchipatala. Kuboola ndi minga kapena lezala kunyumba n'koopsa, pakuti m'khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Ndipo ngati gwero lake ndi zilonda zakukhosi za Streptococcus, kumaliza mankhwala n'kofunika pa chifukwa chinanso: zilonda zimenezi zikasiyidwa zimatha kudzetsa nthenda yowononga mtima wa mwana patsogolo.

TB yosatsokomola

Tinazolowera kuti chifuwa chachikulu ndi kutsokomola. Mwa ana si choncho nthawi zonse. Kunja kwa mapapo, malo omwe TB imakonda kwambiri mwa ana ndi anabere a m'khosi, ndipo mwana wotere amatha osatsokomola n'komwe. Kachilomboko amakatenga kwa wamkulu amene amagona naye nyumba imodzi, bambo, malume, agogo kapena wantchito, makamaka m'nyumba zothithikana za mawindo ochepa monga zambiri za ku Mbayani ndi m'madera ena a mumzinda muno. Wamkuluyo angakhale anadwala chaka chatha, mwinanso anachira kale. N'chifukwa chake funso la dokotala lija liyenera kuyankhidwa moganizira miyezi yambiri yam'mbuyo, osati lero lokha.

Mwanabere wa TB amakula mwakachetechete kwa milungu kapena miyezi. Poyamba amakhala wolimba ndi wosapweteka, kenako angapo amagwirana kukhala chibulu chimodzi, pambuyo pake amafewa popanda kutentha, n'kuphulika yekha. Bala lake silipola, limangochucha madzi ndi mafinya, likatseka apa litseguka apo. Mwana amafooka, sikelo imaima kapena kutsika, thupi limatentha madzulo. Amoxicillin kapena Bactrim sachita kanthu, ngakhale mubwereze kangati. Mwanabere wa m'khosi wopitirira masentimita awiri, amene watha milungu iwiri kapena kuposera osamva mankhwala oyenera, ayenera kuyezedwa TB, ndipo kholo lingathe kupempha lokha.

Kuyeza kwake, amalowetsa kajakisoni kakang'ono m'chotupamo n'kutengamo timadzi. Timadzito amatiika m'makina a GeneXpert, omwe amazindikira kachilombo ka TB komanso kuonetsa ngati n'kosamva mankhwala a rifampicin. Amajambulanso chifuwa ndi X-ray. Popeza tizilombo ta TB mwa ana timakhala tochepa, zotsatira zimatha kubwera zosaonetsa kanthu pomwe nthenda ilipo, ndipo dokotala angayambitse mankhwala potengera mbiri ndi maonekedwe. Mankhwalawa ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo a ana amasungunuka m'madzi. Kwa zaka zambiri akhala akumwedwa miyezi 6. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti ana amene TB yawo si yaikulu, kuphatikizapo ya anabere a m'khosi, angathe kumwa miyezi 4, koma woganiza za kutalika kwake ndi dokotala, osati kholo poona kuti chotupa chaphwa. Zinthu ziwiri zisakudzidzimutseni: mkodzo wa mwana umasanduka wofiirira chifukwa cha rifampicin, ndipo nthawi zina mwanabere amayamba wakulirako m'milungu yoyamba ya mankhwala asanayambe kuchepa. Mukauze dokotala, koma musasiye kumwetsa. Ana ena osakwana zaka 5 a m'nyumba momwe muli wodwala TB ya m'mapapo nawonso aonedwe, chifukwa pali mankhwala owateteza.

Mwana aliyense amene anabere ake atupa malo angapo kapena akhalitsa amayezedwanso HIV, ndipo pasakhale kukhumudwa dokotala akatchula zimenezi. Kuyambira mu 2011, pomwe Malawi anayamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa opezeka ndi kachilomboka, ana obadwa nako achepa kwambiri, koma sanathe. Mayi amatha kukatenga akuyamwitsa kale atayezedwa bwinobwino kusikelo ya apakati. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali nako amayezedwa pa milungu 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24, ndipo ambiri amasowa pa miyezo iwiri yomalizayi.

Kwa makanda palinso mwanabere wa katemera wa BCG, woteteza ku TB uja. Amatuluka m'khwapa la mkono womwe khanda linabayidwa, patapita milungu kapena miyezi ingapo. Kawirikawiri amaphwa yekha ndipo safuna mankhwala. Akafewa ngati akufuna kuphulika, kuchipatala amamupopa ndi jakisoni. Khandalo likhale litaonedwa ndithu, makamaka ngati likudwaladwala kapena silikukwera sikelo, chifukwa zingasonyeze kuti chitetezo chake n'chofooka.

Za khansa

Mawu awa amaopsa, ndiye ndinene poyera kuti mwa ana onse otuluka anabere, a khansa ndi ochepa zedi. Koma ochepawo amafika ku Gulupu (Queen Elizabeth Central Hospital) mochedwa, atazungulira m'magolosale, kwa asing'anga ndi m'mapemphero, ndipo kuchedwako ndiko kumasiyanitsa ochira ndi osachira.

Khansa ya ana yodziwika kwambiri m'Malawi ndi Burkitt lymphoma. Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni amene anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Imapezeka kwambiri m'madera a malungo ochuluka, chifukwa malungo obwerezabwereza amagwirizana ndi kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kanapezeka koyamba mu 1964 m'zotupa za khansa yomweyi. Pafupifupi tonse timakatenga kachilomboka tili ana ndipo sikatichita kanthu, koma mwa ana ochepa zinthu ziwirizi zikakumana, maselo a chitetezo amayamba kuchulukana mosalekeza. Imakonda ana azaka za pakati pa 4 ndi 9, anyamata kuposa atsikana. Imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba, ndipo ndi imodzi mwa khansa zokula mofulumira kwambiri mwa munthu: sabata imodzi yokha nkhope ya mwana yasintha. Chizindikiro chomwe chimasocheretsa ambiri ndi mano ogwedera pamalo otupawo. Makolo amaganiza kuti ndi dzino, amakalizulitsa, koma tsaya likungokulirakulira. Ubwino wake, khansa yothamangayi ndi yomvanso mankhwala msanga, ndipo chotupa chimayamba kuchepa m'masiku ochepa mwana akayamba kulandira. Ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli wodi ya ana odwala khansa, ntchito yomwe Pulofesa Elizabeth Molyneux anaitsogolera kwa zaka zambiri, ndipo mwana wofika nthenda isanafalikire ali ndi mwayi weniweni wochira.

Palinso Hodgkin lymphoma, yomwe imayenda pang'onopang'ono, anabere a m'khosi olimba ngati labala ndi osapweteka, ndipo imafanana kwambiri ndi TB. Mwana amene wamwa mankhwala a TB mokhulupirika miyezi iwiri koma chotupa chikukulabe ndipo iye akufookerabe ayenera kuunikidwanso. Khansa ya m'magazi imabwera ndi anabere ambiri pamodzi ndi kuchepa magazi, kupweteka mafupa, kamfuno ndi nkhama zotuluka magazi. Kaposi sarcoma, yomwe mwa akuluakulu timaidziwa ndi mawanga akuda pakhungu, mwa ana imaonekera kwambiri m'anabere, makamaka mwa omwe ali ndi HIV.

Apa pali chenjezo lomwe ndikanakonda likanapachikidwa m'sitolo iliyonse ya mankhwala. Prednisolone ndi dexamethasone asaperekedwe kwa mwana wotupa anabere chifukwa chake chisanadziwike. Mankhwalawa amaphwetsa chotupa cha lymphoma kwa kanthawi, banja n'kusangalala kuti mwana wachira, kenako chimabwerera mwamphamvu. Choipitsitsa, amasokoneza zotsatira za kupima, ndipo ngati ndi TB amaipatsa mpata wofalikira.

Si chotupa chilichonse cha m'khosi chomwe ndi mwanabere. Matsagwidi amatupitsa kutsogolo ndi pansi pa khutu, ndipo amatha okha m'sabata imodzi kapena iwiri. Katemera wa chikuku yemwe ana athu amalandira sateteza ku matsagwidi, choncho musadabwe mwana wobayitsa zonse akawadwala. Kachotupa ka pakatikati pa khosi komwe kamakwera mwana akameza kapena akatulutsa lilime kangakhale kobadwa nako. Cha m'mphechepeche chomwe chimatuluka mwana akalira n'kubwerera akagona ndi matumbo otulukira pa mpata wa mnofu, ndipo chimafuna opaleshoni, osati makapisozi.

Masiku oyenera kuwerenga

Mwana amene ali ndi mwanabere wamng'ono woterera, chimfine chikuoneka, akudya ndi kusewera, angathe kuyang'aniridwa kunyumba. Mpatseni panado ngati akumva ululu, osati aspirin. Tsukani bala, chizani mphere kapena chipere, pitani naye kwa a mano ngati ndi dzino. Musamangomufinyafinya tsiku lonse, chifukwa kutero kumamukhalitsa wotupa. Lembani tsiku lomwe mwamuona, ndipo kamodzi pasabata muyezeni ndi rula ya mwana wasukulu kapena mumujambule pafoni. Akamakulabe pakatha milungu iwiri, kapena akakhala osachepa pakatha milungu 4 mpaka 6, bwererani kuchipatala ngakhale mwana akuoneka bwino, ndipo munene kuti munabwerako kale. Ulendo wachiwiri kapena wachitatu wa vuto lomwelo suyenera kuthera pa mankhwala ena akumwa. Uyenera kuthera pa kuyeza magazi, HIV, TB, kapena kalata yopita ku Gulupu.

Osadikira n'komwe ngati mwana akubanika, akulephera kumeza mpaka dovu kumangotuluka, khosi lauma kapena lapendekera mbali imodzi, wafooka osatha kuyamwa, wakomoka, kapena ndi khanda losakwana miyezi iwiri lomwe latentha thupi. Amenewa ndi a ngozi, usiku kapena usana.

Ku Gulupu angamuunike ndi sikani kuti aone ngati muli mafinya, angatenge timadzi ndi kajakisoni, ndipo zimenezi zikapanda kupereka yankho amachotsa mwanabere mmodzi wathunthu pa opaleshoni yaing'ono kuti akamupime ndi makina oonera tinthu tating'ono. Maopaleshoni ambiri a ana pachipatalachi amachitikira ku Mercy James Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2017. Pamenepa mabanja ena amakana, ena amathawa ndi mwana usiku, poopa kuti chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimalusa, kapena kuti mwana atsala wopanda chitetezo. Mwanabere mmodzi akachoka, anzake oyandikana naye amapitiriza ntchito, ndipo kupima sikufalitsa nthenda. Zotsatira zimatha kutenga milungu, choncho musanachoke funsani tsiku lobwerera, chipinda chomwe mukafikire, ndi chochita chotupa chikakula tsikulo lisanakwane. Ndipo ngati zonse zapezeka bwino koma kanthu kakang'ono kolimba katsalira m'khosi kwa miyezi, dziwani kuti anabere ena akatupa kamodzi sabwereranso pamsinkhu wawo wakale. Bola asakule, asachuluke, ndipo mwana akukwera sikelo.